Adalambula ndani njira zomwe alendo akupalasamo njinga pa Nyika?

Amene amakonza maulendo a alendo opalasa njinga kumpoto kwa dziko lino ali ndi njira zingapo zomwe amazidalira. Ina imayambira pa boma la Rumphi, kudzera ku Bolero, kukalowa pachipata cha Thazima, kenako n'kukwera makilomita ena pafupifupi 60 mpaka ku Chelinda, pakatikati pa phiri la Nyika. Zina ndi zozungulira pamwamba pomwepo: kupita ku kanyanja ka Kaulime, ku Chosi, ku mathithi a Chisanga, kapena kulowera kumpoto ku Jalawe ndi ku Nganda, nsonga yomwe imapitirira mamita 2,600. Ndiye pali ya kum'mawa, yochoka pa Chitimba m'mphepete mwa nyanja kukwera msewu wa Golodi mpaka ku Livingstonia. Mawu otsatsira njira zimenezi sasintha chaka ndi chaka: dziko lopanda anthu, thengo losakhudzidwa, udzu ndi thambo basi. Munthu akaima pa Chosi m'mawa wa Julayi, chisanu chitayeretsa udzu, mbidzi ndi ntchefu zili mbwee m'zigwa, sangafulumire kuwatsutsa mawuwo. Koma mbiri ikuwatsutsa. Palibe njira ngakhale imodzi mwa zimenezi yomwe idalambulidwira mlendo wa panjinga. Iliyonse idatsegulidwa ndi anthu ena pa zifukwa zawozawo, ndipo kupanda anthu komwe kukugulitsidwa leroku n'kwa dzulodzuloli, agogo ambiri a ku Rumphi adakuona kukuyamba. N'chifukwa chake ndikuti njira ya njinga ya pa Nyika yomwe imatenga midzi ngati pongodutsira pothamangira kuchipata ndi njira yoduka, poti eni mikwaso imeneyi ali kunja kwa malire a paki ya Nyika.

Tiyambe ndi malo omwe mlendo amapalasira. Chakummwera kwa phirili kuli thanthwe la Fingira, lomwe lili ndi phanga. Akatswiri ofukula zakale adakumba m'phangamo m'zaka za m'ma 1960 ndipo adapezamo zida zamiyala, mikanda ndi mafupa a anthu. Kafukufuku wa pambuyo pake adaonetsa kuti ena mwa mafupawo ndi a zaka pafupifupi 6,000, ena 2,500. Anthu amenewa adali alenje ndi otola zam'tchire, ndipo adali ndi mikwaso yawo yotsata nyama, madzi ndi uchi. Pa Kaulime, pomwe lero alendo amatsamiritsa njinga n'kumajambula mbidzi zikumwa madzi, padali pamalo opatulika. Anthu ozungulira phirili ankakhulupirira kuti m'madzimo mumakhala njoka ya mizimu, ndipo ankapitako ndi nsembe. M'mapiri a m'mbali mukupezekabe ng'anjo zadothi momwe anthu a mtundu wa Aphoka ankasungunuliramo chitsulo. Ng'anjo imafuna miyala ya chitsulo, makala ochuluka ndi anthu osenza, ndipo makasu otulukamo ankayenda mitunda, kukasinthanitsidwa ndi chakudya ndi ziweto, ena kukaperekedwa pa malowolo. Zonsezi zinkafuna njira. Ngakhale mayina omwe ali pa mapu a mlendo, Chelinda, Kaulime, Nganda, Jalawe, Domwe, Chisanga, sadabwere ndi mzungu. Dziko lopanda anthu silikhala ndi dzina pa chitunda chilichonse ndi pa kamtsinje kalikonse.

Chigwa cha Nkhamanga, chomwe wopalasa amadutsa tsiku loyamba akachoka pa Rumphi, mbiri ya njira zake ndi yodziwika bwino. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1700 kudafika amalonda ochokera kutsidya kwa nyanja, omwe amakumbukiridwa kuti Balowoka. Ankabwera ndi nsalu, mikanda ndi makasu n'kumatenga minyanga ya njovu, ndipo mwa iwo mudatuluka ufumu wa Chikulamayembe, womwe likulu lake lili ku Bolero, kumene kumachitikira mwambo wa Gonapamuhanya. Minyangayo inkayenda pamapewa kuchoka ku Nkhamanga ndi ku Hewe kupita kumadoko a kunyanja. Cha m'ma 1850 kudabwera Angoni, ndipo nkhondo zawo zidasokoneza kayendedwe konseka. Ufumu wa Chikulamayembe udagwa, mpaka boma la atsamunda lidaubwezeretsa mu 1907. Aphoka adakakamira kumalo ovuta kufikako, kumanga tinyumba m'mapiri otsetsereka ndi kulima pomwe munthu wa kuchigwa sangaime chilili. Kuseri kwa mathithi a Manchewe, pafupi ndi Livingstonia, kuli phanga lomwe anthu ankabisalamo. Mikwaso yambiri ya kum'mawa kwa Nyika ndi yoimirira, yoti njinga umachita kuisenza paphewa, ndipo sizodabwitsa: adaiponda ndi anthu omwe sankafuna kulondoledwa. Mlendo amaitenga ngati poyesera mphamvu, pamene oiyambawo ankathawitsa moyo.

Njira yotchuka kwambiri kwa opalasa njinga, ya Golodi, ndi ya amishoni. Mishoni ya Livingstonia idayambira ku Cape Maclear mu 1875, idasamukira ku Bandawe mu 1881, ndipo mu 1894 Dr Robert Laws adasankha Khondowe, pamwamba pa phiri pomwe lero pali Livingstonia, pothawa malungo a kunyanja. Kukwera phiriko kudabweretsa chintchito china. Katundu yense wobwera pa sitima, malata, mapaipi a madzi, makina osindikizira mabuku, zida za magetsi, ankatsitsidwa pagombe la m'munsi la Chitimba, lomwe azungu ankalitcha Florence Bay, ndipo amayenera kukwezedwa mamita oposa 700. Zaka zoyambirira zonsezi zinkakwera pamitu ya amtengatenga. Msewu wa Golodi, womwe udatha cha mu 1905, udakumbidwa ndi makasu, mapiki ndi mikono ya anthu a m'derali kuti ngolo za ng'ombe zizitha kukwera. N'chifukwa chake uli ndi makona 20 okhota kwambiri pa mtunda wa makilomita pafupifupi 15 okha. Ng'ombe siingakoke ngolo pachitunda choongoka, imafuna kukwera pang'onopang'ono mokhotakhota, ndipo chomwe chidakomera ng'ombe ndi chomwe chikukomera mwendo wa munthu lero. Wopalasa amene waika giya yopepuka, n'kumawerenga manambala a makona imodziimodzi nyanja ikutambasuka m'munsi mwake, akudyerera thukuta la anthu omwe mayina awo sali pa chikwangwani chilichonse. Mbiri yolembedwa imatchula Laws ndi omwe adapereka ndalama ku Scotland, koma ogwira khasu imangowawerenga.

Misewu ya pamwamba pa phiri ndi yaposachedwapo, ndipo idabwera ndi maloto a boma la Britain. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, Britain inkasakasaka malo m'maiko omwe inkalamulira oti azitulutsa chakudya ndi matabwa. Mu 1949 Laurens van der Post adatumidwa kudzayendera Mulanje ndi Nyika, ndipo buku lomwe adalemba za ulendowo, Venture to the Interior, lidatuluka mu 1952 n'kuyenda malonda ku Ulaya. Anthu ambiri akunja adaidziwira m'bukuli Nyika, ngati dziko lakutali, la zii, lodikira wolitulukira, chonsecho wolembayo adayenda pamwambapo ndi chigulu cha osenza katundu ndi olondolera njira a konkuno. M'zaka za m'ma 1950 bungwe la Colonial Development Corporation lidabzala paini pa Chelinda poyesa ngati angachite bwino. Mitengo idakula ndithu, koma kutalika kwa mtunda wokafika kumsika kudaigonjetsa ntchitoyo, ndipo nkhalango yaikulu ya paini idakakhazikika ku Chikangawa, pa Viphya. Pa Nyika padatsala chigamba cha paini chobiriwira moderapo chomwe chimaonekera patali, madamu omwe adaikidwamo nsomba za trout, ndi misewu yadothi yolambulidwira malole. Kenako a zanyama adaonjezera ina yolondera ndi yotchingira moto. Imeneyi ndiyo misewu yomwe lero ikutchedwa njira za njinga. Imakoma kupalasamo chifukwa lole yodzaza nayo imadana ndi chitunda, motero oilambula ankatsata misana ya mapiri ndi kulambalala madambo.

Mu 1965, patangotha chaka dziko litalandira ufulu, pamwamba pa Nyika padakhazikitsidwa paki yoyamba m'Malawi. Poyamba idali yaing'ono, yosafika masikweya kilomita 1,000, ndipo idatenga makamaka dera la udzu la pamwamba. Zinthu zidasintha kwambiri mu 1978, pamene malire adafutukulidwa kupitirira masikweya kilomita 3,000, kumeza mapiri ndi zigwa za m'mbali momwe mudali midzi. Anthu pafupifupi 5,000 adasamutsidwa. Idali nthawi ya chipani chimodzi, ndipo boma likalankhula padalibe wofunsa kawiri. Banja lomwe lidazolowera mphepo ya kumapiri, madzi a pakasupe ndi minda ya nyemba ndi mawere lidapezeka kumalo otsika, otentha, a udzudzu, komwe minda idali kale ndi eni ake. Manda a makolo, malo operekera nsembe ndi mitengo yopachikamo ming'oma ya njuchi zidatsala mkati. Mkwaso womwe dzulo lake udali wopitira kwa amalume kapena kumunda udasanduka mlandu, poti wopezeka akuyendamo ankatengedwa ngati wopha nyama mozemba. Wopalasa akalowa pa Thazima amayamba wadutsa m'nkhalango ya mombo ndi misuku kwa maola angapo asadaone udzu wa pamwamba, ndipo amatama bata la m'nkhalangomo. Madera otsika ngati amenewa ndi omwe adalowa mu paki mu 1978. Batalo lidachita kulamulidwa.

Wina anganene kuti ndikukokomeza, poti pamwamba penipeni pa Nyika sipadakhalepo midzi yambiri. N'zoona zimenezo. Chelinda ili pamwamba mamita oposa 2,200, usiku wa Juni ndi Julayi chisanu chimapsereza udzu, nthaka yake ndi yosabereka, ndipo chimanga sichingapirire. Ngakhale udzu wa pamwambapo ndi wakalekale, si wochita kubwera chifukwa choti anthu adadula mitengo. Palibe amene akunena kuti pa Chosi padali mudzi waukulu. Koma kusagona pamalo si kusawagwiritsa ntchito: mlimi sagona kudimba, koma dimbalo ndi lake, ndipo kanjira kopitako amakadziwa ngakhale mumdima. Pamwambapo anthu ankapitapo kukasaka, kukafula uchi, kukakumba chinaka, kukafuna miyala ya chitsulo, kukapereka nsembe, ndiponso ankadutsapo polowera mbali ina ya phiri m'malo molizungulira. Moto womwe a paki amayatsa mwadala kumayambiriro kwa chilimwe, kuti udzu uphukire ndi kuti moto woopsa wa Okutobala usapeze chakudya, ndi luso lomwe alenje a m'mapiriwa ankalidziwa kale. Ndiponso tisaiwale kuti mkangano suli pa dera la pamwamba lokha. Pafupifupi magawo awiri mwa atatu a paki ya lero ndi omwe adaonjezedwa pambuyo pake, ndipo mmenemo mudali nyumba, nkhokwe ndi makola.

Chotsutsa chachiwiri n'cholemera kuposa choyamba. Pakadapanda paki, bwenzi lero pa Nyika pali chiyani choti mlendo adzaone? Tikaona momwe nkhwangwa ndi makala zametera mapiri ena m'dziko muno, yankho silivuta. Pa Nyika ndi pomwe pamachokera madzi a gawo lalikulu la chigawo cha kumpoto. North Rukuru, North Rumphi, Runyina, Wovwe ndi mitsinje ina imayambira pamenepo, ndipo magetsi a pa Wovwe amadalira madzi omwewo. Pali mitundu yoposa 200 ya maluwa a orchid, mitundu yoposa 400 ya mbalame, nyama za chilembwe zochuluka kuposa malo ambiri mu Africa, ndi kankhalango ka mitengo ya juniper komwe kadatetezedwa kale mu 1948. Zambiri mwa izi sizikadapulumuka popanda lamulo. Sindikupempha kuti malire a 1978 afafanizidwe. Chomwe ndikunena n'chakuti phindu lalikululi adalilipira ndi anthu odziwika, a midzi yodziwika, ndipo ngongole siitha chifukwa choti chomwe idagula n'chokongola. Boma lomwe lidavomereza zimenezi m'zochita zake. Kuyambira chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980 magulu a alimi a njuchi adaloledwa kupachika ming'oma mkati mwa paki. Ulamuliro wa zipani zambiri utabwera mu 1994, kudatsatira ndondomeko zogwirira ntchito limodzi ndi midzi, kudabadwa bungwe la Nyika-Vwaza Association, la midzi yozungulira Nyika ndi malo otetezera nyama a Vwaza, ndipo gawo la ndalama zomwe paki imatolera lidayamba kupita ku zitukuko za m'midzi. Chatsala n'kufunsa ngati ulendo wa panjinga uli ndi mbali yake pobweza ngongoleyo.

Mbiri ya njinga yeniyeniyo ikutithandiza kuyankha. Njinga sidabwere ku Rumphi ndi alendo odzaona nyama. Amishoni ndi mabwana a boma adali nazo kale chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, koma oifalitsa m'midzi adali amuna omwe ankapita kukagwira ntchito ku Salisbury, ku Joni ndi ku migodi ya kopa ya ku Northern Rhodesia. Chigawo cha kumpoto chidatumiza anthu ambiri kunja chifukwa kwawoko kudalibe minda ikuluikulu kapena mafakitale olemba ntchito, ndipo wobwerako bwino ankadziwika ndi sutikesi, makina osokera ndi njinga ya Raleigh kapena Humber. Njinga imeneyo ndi yomwe inkanyamula wodwala kupita kuchipatala ndi thumba kupita kuchigayo, ndi yomwe ankayendera mphunzitsi, mlangizi wa zaulimi ndi m'busa woyendera mipingo. Mpaka lero pamsewu wa ku Bolero m'nyengo yokolola mumakumana ndi bambo akukankha njinga yopanda magiya, matumba awiri a chimanga atamangidwa ndi mphira pa kaliyala, lachitatu litalowetsedwa pakati pa felemu, iye atawerama, dzanja lina pa handulo lina pa chishalo. Pamsika uliwonse pali mmisiri pansi pa mtengo, ali ndi beseni la madzi akuda lofufuzira pomwe chubu chabooka, guluu, zigamba zodula ku chubu chakale, ndi sipanala imodzi yomasulira chilichonse. Ku Mzuzu anyamata a sakaramento, kwina a kabaza, adasandutsa kaliyala kukhala mpando wa pasinjala n'kumadyetsa mabanja. Pa zoyendera zonse zomwe mlendo angabwere nazo pa Nyika, njinga yokha ndi yomwe mwini mudzi naye ali nayo, amaidziwa, ndipo angathe kuikonza.

Njinga ya m'mapiri, ya matayala onenepa ndi magiya ambirimbiri, idabwera mochedwa. Idayambira ku California m'zaka za m'ma 1970, pamene achinyamata ankatsetsereka m'mapiri a Marin County pa njinga zakale zomwe adazilimbitsa okha, ndipo mafakitale adayamba kuipanga yambiri chakumayambiriro kwa m'ma 1980. Kuno idafika ndi alendo, komanso m'makontena a njinga zakaunjika zomwe zadzaza m'misika yathu. Kuyambira 2003 ulendo wa Tour d'Afrique, wochoka ku Cairo kukathera ku Cape Town, wakhala ukudutsa ku Karonga ndi ku Chitimba n'kukwera chitunda cha Chiweta kulowera ku Mzuzu, ndipo wathandiza kuti kumpoto kwa Malawi kudziwike pakati pa okonda kupalasa. Ku Chelinda nako njinga zobwereka zidakhala chimodzi mwa zokopa alendo, pambali pa kuyenda pansi ndi kuwedza. Nyika imalola zimenezi kuposa mapaki ena chifukwa pamwamba pake m'poyera, munthu amaona patali, ndipo nyama zoopsa n'zochepa. Njovu, kuphatikizapo 34 zomwe zidabweretsedwa kuchokera ku Liwonde mu 2017, zimakonda nkhalango za m'munsi. Koma taonani kusiyana kwa alendo awiri. Wina amatera pabwalo la ndege la Chelinda, kubwereka njinga, kuzungulira madamu, n'kuulukanso osaponda m'mudzi ngakhale umodzi. Mnzake amayambira pa Rumphi, ndipo asadafike pa Thazima amakhala atamwa tiyi pa Bolero, atagula nthochi ndi mandasi, atafunsa njira, atatunga madzi pa mjigo, mwinanso atamatitsa chubu.

Odziwa malonda a zokopa alendo amaiseka mfundo imeneyi. Ati wa panjinga ndi woumira: amanyamula tenti yake, amadziphikira, ndipo zomwe amawononga sabata yathunthu sizifika pa zomwe wa pandege amalipira usiku umodzi. Tikaphatikiza ndalama yonse, akunena zoona, ndipo paki yomwe ikufuna malipiro a alonda ndi mafuta a galimoto zolondera siingadalire mandasi. Koma pa ndalama sitifunsa kuchuluka kokha, timafunsanso kuti yagwera m'manja mwa yani. Ya wa pandege imatsalira kwa mwini ndege, kwa wokonza ulendo ku Lilongwe kapena ku London, ndi kwa mwini malo ogona. Yofika kumudzi imadzera m'malipiro a antchito ochepa ndi m'gawo lija la ndalama za pachipata, lomwe limayamba ladikira makomiti ndi misonkhano. Ya wa panjinga ndi yochepa, koma imagwera m'dzanja la mayi wogulitsa nthochi tsiku lomwelo. Ndiponso mwendo umatopa. Munthu wonyamula katundu pamsewu wafumbi wokwera chotere n'kovuta kuti amalize tsiku limodzi makilomita oposa 100 a pakati pa Rumphi ndi Chelinda, ayenera kugona penapake ndi kudya penapake. Galimoto imadumpha midzi, njinga siingathe. Alendo awiriwa sakulimbirana malo, paki ikuwafuna onse. Cholakwika n'chakuti mapulani athu akhala akukonzera woyamba yekhayo, wachiwiriyu n'kumadzionera yekha.

Pali nkhawa inanso, yochokera m'midzi momwemo, ndipo ndi yomveka. Mlendo wodutsa m'mudzi amatha kusandutsa anthu chionetsero: kujambula ana osapempha, kuwaponyera maswiti, kuzoloweretsa kamwana kuthamangira njinga katatambasula dzanja m'malo mopita kusukulu. Zimenezi zaoneka kale m'madera ena a m'mphepete mwa nyanja, ndipo sizimanga mudzi. Koma kutsekera mlendo m'galimoto kuti midzi aziyionera pawindo sikuthetsa vutolo, chifukwa gwero lake ndi mlendo wosadziwa kuti akudutsa pakhomo pa yani. Njira ya masiku atatu yoyenda pansi kuchoka ku Chelinda kutsikira ku Livingstonia ikusonyeza kuti zina n'zotheka. Imatuluka mu paki n'kulowa m'midzi ya Aphoka, m'minda ya khofi ndi nthochi yolendewera m'mapiri, ndipo mlendo amafika ndi womuperekeza, amapereka moni, amagona pomwe walozeredwa. Khofi wa m'mapiri a Phoka amagulitsidwa kudzera ku Mzuzu Coffee mpaka kunja kwa dziko, kotero mlimi wa kumeneko si wodikira chifundo, ali ndi choonetsa ndi chogulitsa. Njira za njinga za m'munsi mwa phiri, zodzera ku Nchenachena, ku Mhuju ndi m'chigwa cha Henga, kapena za kumadzulo zolumikiza Thazima, Hewe ndi Kazuni ku Vwaza, zingayende mwa dongosolo lomwelo, wotsogolera ali mwana wa m'deralo amene angaloze phiri n'kunena kuti agogo ake adabadwira apo. Mlendo amene wamva zimenezo sangakanene kwawo kuti adaona dziko lopanda anthu.

Pomwe maganizo onsewa amayesedwera ndi pa nkhani ya phula. Msewu wochoka pa Rumphi kudzera pa Thazima sumathera ku Chelinda. Umapitirira motsata malire a Zambia, kutulukira pachipata cha Kaperekezi, mpaka ku Nthalire ndi ku Chitipa. Ndi msewu wa boma, wa malole a fodya ndi chimanga, wa matola, wa odwala otumizidwa kuchipatala chachikulu. Andale akhala akulonjeza kuuthira phula chisankho ndi chisankho, ndipo anthu a ku Nthalire atopa n'kudikira. Ena okonda chilengedwe, kuphatikizapo opalasa njinga, amadandaula kuti phula lidzachotsa kukoma kwa ulendo, lidzabweretsa liwiro logunda nyama, ndiponso lidzapeputsa ntchito ya opha nyama mozemba. Za liwiro ndi za opha nyama ndi nkhawa zenizeni, ndipo zili ndi mayankho ake: mahampu, zipata zolondedwa bwino, malamulo a kayendedwe ka usiku. Koma za kukoma kwa ulendozo sizinganenedwe pamaso pa mayi woyembekezera amene lole yomwe wakwera yatitimira m'matope mwezi wa Febuluwale. Kuumiriza anthu kukhala ndi msewu woipa kuti mlendo azimva ngati watulukira dziko ndi maganizo omwe aja a 1978, angovala malaya ena. Msewuwo ndi wa anthu a ku Hewe, Nthalire ndi Chitipa choyamba. Wa panjinga fumbi sadzalisowa, poti misewu ya ku Jalawe, ku Nganda, ku Fingira ndi ku nkhalango ya juniper palibe amene akuganiza zoithira phula.

Mu 2015 Malawi ndi Zambia adasainirana pangano losamalira limodzi malo otetezedwa a m'malire, kuphatikizapo Nyika, ndipo mu 2023 boma lidagwirizana ndi bungwe la Peace Parks Foundation kuti ayendetsere limodzi Nyika ndi Vwaza kwa zaka 20. M'zaka zimenezi kujambulidwa mapu atsopano, kukhomedwa zikwangwani, ndipo njira za njinga zipatsidwa mayina ndi mitengo yake. Amene adali ndi zaka 20 pa msamuko wa 1978 lero akuyandikira zaka 70. Iwowa ndi omaliza amene angaloze pomwe mkwaso wa ku ng'anjo unkadzera, pomwe ankawolokera Runyina ukadzaza, ndi pomwe padali mudzi wa uje. A nthambi ya zanyama, a Peace Parks, a Nyika-Vwaza Association ndi mafumu a m'derali, kwa Chikulamayembe, kwa Katumbi, kwa Kachulu ndi kwa Nthalire, akhale pansi ndi akuluakulu amenewa mapu asadasindikizidwe. Njira iliyonse iyambire pamudzi ndi kuthera pamudzi, ikhale ndi wotsogolera wa komweko ndi pogona pa eni dera, ndipo chikwangwani cha pa Thazima chinene poyera kuti m'mapiri amenewa mudali midzi mpaka 1978.